Mkodzo wa Lolemba

Lolemba, 3 Marichi

Mvula yamawawa kuyambira mbandakucha. Nkhunda padenga. Pansi pathu makina opopera matayala ayamba kale kugunda. Paipi ya kubafa kulira ngati mbuzi. Amayi atuluka 6 koloko ndi ambulera yawo yothyoka nthiti ziwiri.

Achimwene andidzutsa ndi chala chakuphazi, botolo lili m'manja. Lija la mafuta a tsitsi. "Kadzidzi, dzuka, ugwire ntchito ya boma."

Ndakodzamo. Kachitatu tsopano.

Ndilembe bwinobwino, mwina ndikaziona papepala ndizimvetsa. Achimwene ali ndi zaka 23. Anayamba ufa wozunguza bongo uja ali ku koleji, koleji n'kuwathera panjira. Tsopano tsiku lililonse amapita ku kiliniki ya anthu ofuna kusiya mankhwala ozunguza bongo. Amakamwa mankhwala pawindo, nesi akuona. Dzina lake metadoni, koma pamzere amangoti kakapu. Kakapu kamapha njala ya ufa. Lolemba lililonse amayeza mkodzo kuti aone ngati munthu sakubera kumbali. Ukakhoza kanayi motsatizana amakupatsa mabotolo a masiku atatu, uzikamwera kwanu.

Mkulu wa kilinikiyo ndi Amayi.

Koma fayilo ya Achimwene saiona. Dokotala sachiza wake. Lamuloli analemba okha, lili pakhoma m'felemu. Achimwene amaonedwa ndi anzawo a Amayi, Dokotala Wadazi, amene timangowatchula Adazi, ndipo iwo sangaulule kanthu poti Achimwene ndi munthu wamkulu. Choncho zotsatira Amayi amazimvera patebulo, kuchokera pakamwa pa eni ake.

Botolo amaliika m'khwapa kuti likafike lofunda.

Mkodzo wanga wakhoza mayeso kawiri. Mwini wakene masamu ndinapeza 38.

Lachiwiri, 4 Marichi

Aphunzitsi apereka chimangirizo: ntchito ya kholo lako, masamba awiri. Ena akudandaula kuti bambo awo amangokhala. Ine vuto langa ndi kupeza kholo loti likhale pansi.

Amayi ndawafunsa akusita gawuni. Poyamba agwira kaye mkono wanga, maso pa wotchi. Ndiwo moni wawo. Kenako, "Funsa, ndili ndi mphindi khumi."

Zaka 14 kuchipinda cha ngozi ku chipatala chachikulu. Ogundidwa ndi galimoto, obayidwa, ana omeza mabatani, azibambo oti mtima waima ali pa njinga. Pakhomo amawagawa mitundu itatu. Ofiira, pompano. Achikasu, posachedwa. Obiriwira, khalani pabenchi. "Wofuula usamuope, ali ndi mpweya. Yang'ana amene wangoti zii pakona."

Ndafunsa chifukwa chimene anachokerako. Panali munthu wina, wowotcherera zitsulo. Anabwera naye kasanu, milomo itatuwa, kupuma kutatsala pang'ono kutha chifukwa cha ufa. Kasanu konse Amayi anamudzutsa. Akadzuka ankati zikomo adokotala, potuluka n'kuba sizasi. Kachisanu ndi chimodzi anabwera atamufunditsa nsalu mpaka kumutu. "Ndinaona kuti ndikutunga madzi ndi dengu. Ndinkamubweza kumene wachokera, ndine wonyadira."

Anakaphunziranso zaka ziwiri. Kiliniki anayamba ndi chipinda chimodzi chimene kale ankasungiramo matiresi. Tsopano ndi zaka 8. Anzawo akale ankaseka, ati wasiya udokotala kukagawa timakapu kwa mbava.

Ndalemba zonse. Sindinalembe zoti Bambo anachoka ndili ndi zaka 9, ponena kuti sangapikisane ndi ambulansi. Sindinalembenso zoti ufa unalowa m'nyumba muno Amayi ali kale ndi zaka zisanu akuuthamangitsa m'nyumba za eni.

Kuno Achimwene ndi ofiira. Ine wobiriwira. Sindikudandaula, ndikungolemba.

Mphindi zinakwana zisanu ndi ziwiri, foni inalira.

Lachinayi, 6 Marichi

Dzuwa. Nsapato zauma, zikununkha.

Pochokera kusukulu ndapeza Achimwene pa masitepe a kudenga, makadi ali m'manja. Pamenepo ndiye pathu. Kusukulu sindiyankhula ndi munthu, palibe chifukwa. Achimwene okha ndi amene amandifunsa funso n'kudikira yankho. Amabera pa makadi, koma amadikira.

Tasewera katatu. Kenako nkhani yatuluka. Lolemba sizinayende. Kwabwera timapepala toyezera tatsopano, tili ndi mzere wowonjezera. Mzerewo umafufuza kakapu kenikeniko. Munthu womwa kakapu tsiku ndi tsiku, mkodzo wake uyenera kukaonetsa. Wanga ulibe ufa, ulibe kakapu, ulibe chilichonse.

Dokotala Wadazi akuti anayang'ana kapepalako nthawi yaitali, kenako anati, "Mkodzo uwu ndi wa munthu wopemphera kwambiri." Anawonjezera kuti mwina kapepala kalakwitsa, ayezanso Lolemba likubwerali.

Achimwene ananena akuseka. Amatha kuwatsanzira Adazi, mpaka kusisita pamutu. Ndinaseka nawo.

Kwa Amayi anawauza kuti akhoza kachitatu.

Pakati pa masewera achinayi anagona chikhalire, khadi lili m'mwamba. Ndinawatsegula chikope. Kakuda ka pakati pa diso kachepa ngati nsonga ya singano. M'thumba la malaya pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, lopsa pansi. Ndinawerenga kupuma monga anandiphunzitsira Amayi ndili ndi zaka 12. Kukachepera khumi pa mphindi, itana anthu. Ndinapeza 11. Ndinawerenganso. 12.

Ndinaona makadi awo. Anali ndi ma eyisi asanu.

Loweruka, 8 Marichi

Achimwene abwera kuchokera ku kiliniki tsaya limodzi lili lotupa, osayankha moni. Molunjika kubafa. Atuluka ndi kabotolo ka mankhwala a m'maso, mkati muli timadzi tofiirira. Anasunga kakapu m'kamwa, nesi ataona kumbali.

Nzeru yake ndi iyi. Ine ndimwe timadzito mawa masana. Lolemba m'mawa ndikodze. Mzere watsopano uoneka, ufa suoneka, Adazi akhutira.

"Kamlomo kamodzi, Kadzidzi. Theka la supuni. Mankhwala a mayi ako omwe, ungafe nawo?"

Ndati malovu anu alimo. Ati tinayamwa bere limodzi, malovu ndiye ati.

Akuti ndi komaliza. Akapatsidwa mabotolo akayamba ntchito kwa wokonza mafoni kumsika, amene amatsegula 7 koloko, ndipo mzere wa ku kiliniki ndi umene ukuwatsekereza. Akayamba ntchito ufa ausiya okha, poti ufa ndi ulova. Mwina ndi zoona. Wokonza mafoniyo alipodi, ndinamuonapo.

Chimene ndikudziwa ine: chaka chathachi mwana wa wodwala wina anapeza botolo la kakapu mu filiji. Anayesa juwisi. Zaka zinayi. Amayi anabwera kunyumba osadya masiku awiri, ndipo kuyambira pamenepo botolo silituluka pa kiliniki popanda kabokosi ka loko. Anatiuza tonse awiri patebulo pano kuti mlingo umene umangomuimika wozolowera umamugoneka wosazolowera, osadzukanso.

Ndawakumbutsa. Ati amene uja anali mwana, iwe uli ndi ndevu zitatu.

Ndalandira kabotoloko. Sindikudziwa chifukwa chake. Anatambasula dzanja, ine ndinatambasula langa. Kali m'chikwama cha mapensulo, pakati pa kampasi ndi labala.

Lamlungu, 9 Marichi

Amayi sanapite kuntchito. Atuluka m'mawa, abwera ndi kabokosi kachitsulo, kabuluu, ka loko wake. Akaika patebulo pakati pa mbale. "Mawa kachinayi. Ndati tikonzekeretu." Makiyi awiri. Imodzi apatsa Achimwene, ina amangirira pa makiyi awo a galimoto.

Anali akumwetulira. Mano awo akutsogolo ali ndi mpata, ndinali nditaiwala.

Achimwene anati zikomo Amayi, maso ali pa mpunga.

Titadya ndinawatsatira kukhitchini. Ndinati Amayi. Anati ee. Anandigwira pamphumi, ati sukutentha. Ndinati ayi, pali nkhani. Foni. Wina wakomoka kunyumba kwake, mkazi wake sakudziwa chochita. Amayi anayamba kumulangiza, foni atapanira paphewa, manja ali m'madzi a mbale: mugonekeni cham'mbali, muwerenge, musadule foni. Ndinaima pamenepo mpaka munthuyo anadzuka. Atatembenuka anafunsa kuti nkhani yanji. Ndinati sopo watha.

3 koloko, kubafa. Ndatsegula kabotolo. Fungo la mankhwala a chifuwa ndi fodya wa Achimwene. Ndakafikitsa pamlomo. Paipi yalira, ndadzidzimuka ngati wakuba. Ndatseka, ndabwezera m'chikwama.

Achimwene ndawauza kuti ndamwa.

Apa ndi pamene ndikufuna ndisadzaiwale. Sanasangalale. Nkhope inasintha. Anandikhazika pabedi, iwo pampando moyang'anizana nane. Ndikati nditsamire khoma, ati khala tsonga. Ndikaphethira nthawi yaitali, mbama pa bondo. Anandiyendetsa masitepe kasanu, kukwera ndi kutsika. Anandifunsa malikulu a mayiko. Kenako ndinaona milomo yawo ikuyenda popanda mawu, maso ali pachifuwa panga, chala chikugunda pa wotchi.

Ankawerenga kupuma kwanga.

Ndiye kuti ankadziwa. Dzulo lomwe lija, ponena za ndevu zitatu, ankadziwa.

Mpaka chakudya chamadzulo sanandisiye. Amayi anati ana anga lero mwakondana bwanji.

Lolemba, 10 Marichi

Mitambo, mvula ayi. Ndakodza m'botolo monga mwa Lolemba lililonse, ndaliika pawindo la kubafa. Achimwene akadali mtulo, iwo amapita cha m'ma 10. Ndavala yunifolomu. Pamphambano ndakhotera kumanzere m'malo mwa kumanja.

Ku kiliniki ndinafikako kamodzi kokha, tsiku lotsegulira nyumba yatsopano. Khonde lalitali, mabenchi atatu, windo la kakapu kumapeto. Zitseko ziwiri, cha Amayi ndi cha Adazi. Mlonda amagawa manambala olembedwa pa zidutswa za katoni. Sanandizindikire, anangondipatsa yanga. 23.

Pabenchi anthu wamba. Mayi wa mwana kumbuyo. Bambo wa tayi akuwerenga nyuzi. Pafupi nane bambo woonda, mano atatu, chipewa cha kampani ya mabasi imene inatha kalekale. Onse amawatchula a Kondakitala. Anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka kolala. "Mphwanga, wayamba msanga. Ife tinkadikira kaye tilephere mayeso."

Anandilangiza zambiri. Usaname kwa Mayi Dokotala, amamva bodza ngati fungo. Ukagwa, nena kuti ndagwa, sakalipa. Iwo akuti anagwa kasanu ndi kawiri, ndipo ulendo uliwonse Amayi ankangoti mwabwera, khalani pansi. "Mayi ameneyu sanandichititsepo manyazi ngakhale tsiku limodzi. Mayi anga ondibala anandithira madzi a mbale."

Ola ndi theka.

"23." Amayi sanadzutse mutu. Anali akumaliza kulemba za 22. Anati khalani, dzina. Ndinatchula dzina. Cholembera chinaima.

Ndinaika kabotolo padesiki. Ndinanena zonse motsatana, monga ndinakonzera pabenchi. Malolemba anayi. Botolo la mafuta a tsitsi. Mzere watsopano. Dzulo.

Sanafunse za Achimwene. Anazungulira desiki, tochi m'maso mwanga, kumanzere, kumanja. Zala pamkono. "Wamwa?" Ayi. "Ngakhale kunyambita?" Ayi. "Ndiyang'ane. Wamwa?" Ayi, Amayi. Anakweza kabotolo ku kuwala, kuona mlingo. Zala zawo zinali zozizira. Anapita ku sinki n'kuyamba kusamba m'manja. Anasamba nthawi yaitali, sopo kawiri.

Kenako, "Pita kusukulu." Ndisanatseke chitseko ndinamva, "24."

Ndinafika nthawi ya sayansi. Chilango, kuzula udzu kuseri kwa labu.

Madzulo Amayi abwera okha. Akhala pampando osavula nsapato. Anena okha, osafunsidwa, ngati akupereka lipoti. Achimwene atafika pamzere, Amayi anatuluka mu ofesi. Anawapeza pawindo, anthu makumi atatu akuona. Anapisa dzanja m'malaya mwawo n'kutulutsa botolo m'khwapa. Anakweza mawu. Sakukumbuka zonse zimene ananena, koma akukumbuka kuti anati ukanandiphera mwana. Achimwene anatuluka pageti kakapu kali pawindo, kosamwa.

"Ndachita chimene ndimachotsera anthu ntchito."

Adazi akuti anali atakonza kale zowakhazika pansi Achimwene lero, mwakachetechete, chitseko chotseka. Anangosowa mphindi makumi awiri.

Kabokosi kabuluu kakadali patebulo. Tadyera m'mbali mwake.

Lachiwiri, 11 Marichi

Sanabwere. Uthenga umodzi wa Achimwene pafoni yanga, 1 koloko masana: "Kazitape."

Ndayankha kuti muli kuti. Sunapite.

Lachitatu, 12 Marichi

Sanabwere. Ku kiliniki sanafikenso.

Amayi apita kuntchito 6 koloko monga mwa nthawi zonse. Pobwera azungulira ndi galimoto kumsika, kumlatho, kuseri kwa sitediyamu. Malo onse amawadziwa, odwala awo anawajambulira mapu zaka 8. Koma galimoto yawonso imadziwika. Ikangotulukira, anthu amabalalika mwaulemu.

Ndafunsa bwanji osafunsa a pamzere. Ati wodwala satumidwa ndi dokotala wake, angaope kukana. Lamulo linanso. Ndinafuna kunena kuti limodzi mwaswa kale, lachiwiri lingavute chiyani. Ndinangotsuka mbale.

Ananena chinthu china akupukuta kapu imodzi yomweyo. Masiku atatu opanda kakapu, thupi limayamba kuiwala mlingo wake. Munthu amatenga ufa wofanana ndi wakale, koma thupi si lakale. Ambiri amene anawataya, anawataya sabata ngati ino.

Sananene kuti ndinalakwa. Sananenenso kuti ndinachita bwino.

Lachinayi, 13 Marichi

Chimangirizo chabwera. 13 pa 20. Ndi inki yofiira: "Mfundo zilipo, koma maganizo ako ali kuti? Kodi umanyadira mayi ako?"

Bedi la Achimwene ndayala ine. Pansi pa pilo makadi. Ndawerenga, alipo 55.

Ndikanamwa theka la supuni lija bwenzi pano ali kwa wokonza mafoni. Kapena bwenzi ine ndili mufiliji ya chipatala chachikulu. Ndayesa kuziika pa sikelo, sizikukhazikika.

Lachisanu, 14 Marichi

Pageti la sukulu, chipewa cha mabasi. A Kondakitala. Anyamata a kalasi langa anaima kuonerera, koyamba kundiona ndili ndi mlendo.

"23! Bwanji sunanene kuti ndiwe mwana wa nyumba? Ndinakulangiza za mayi ako omwe ngati chitsiru."

Sanatumidwe ndi munthu. Pamzere ponse akudziwa, ndipo akhala akufunsana okhaokha. Achimwene aonedwa kuseri kwa depoti yakale, kumene kuli mabasi akufa. Amagona m'basi yachitatu, yopanda matayala. Akuti Amayi asapiteko, akangoona galimoto athawira kwina kumene sitikudziwa. Iwonso okha sangawanyengerere, anayesa dzulo, anatukwanidwa. "Koma mphwake munthu amamutukwana atakhala pansi."

Mawa 8 koloko, pa siteji ya ku msika. Andionetsa m'thumba la jekete kabotolo kopopera m'mphuno, kamene Amayi amagawira aliyense wa pamzere ndi abale awo. Kamadzutsa munthu amene ufa wamutsekera mpweya. Kwathu kuli tiwiri, m'kabati ya mbale. Nditenga kamodzi.

Amayi sindinawauze. Chizolowezi.

Lamlungu, 16 Marichi

Dzulo sindinalembe. 

Depoti: udzu mpaka m'chiuno, mabasi asanu ndi limodzi, agalu. Dzuwa lowala bwino, tsiku loyenera kuchapa. Munthu wina anatuluka m'basi yoyamba, ataona a Kondakitala analoza ndi chibwano.

Achimwene anali m'basi yachitatu, pampando wakumbuyo, mutu utagwera pachifuwa. Ndinayesa agona. Ankaliza mkonono wachilendo, umodzi, kenako zii nthawi yaitali, kenako wina. Milomo ngati phulusa. Ndinaitana. Ndinawatsina khutu. Ndinakanda ndi nkhonya pafupa la pachifuwa monga amanenera Amayi. Palibe. Ndinawerenga. Zinayi.

Chodabwitsa n'chakuti mutu wanga unali phee. Mawu a Amayi okhaokha, aja a pafoni kukhitchini. Tinawatsitsira pansi pakati pa mipando. Chibwano m'mwamba. Kabotolo m'mphuno, kukanikiza kamodzi. A Kondakitala akuimba foni ku ambulansi, akulongosola njira ngati akuitanira okwera. Ndinatseka mphuno zawo n'kuwauzira mpweya m'kamwa. Fodya ndi chinthu chowawa. Mphindi zitatu, palibe. A Kondakitala anandipatsa kawo. Mphuno inayo.

Anadzuka ngati munthu womuvuula m'madzi. Anasanza pa nsapato zanga. Anayang'ana denga la basi, a Kondakitala, kenako ine.

"Iwe. Wandiwonongeranso."

Anafuna kuimirira kuti azipita. A Kondakitala anawakhalira pamiyendo. "Akulu, mankhwalawa amatha msanga kuposa ufa, mukagwanso pakona apo. Khalani, basi ino sinyamuka." Anatukwanidwa mpaka ambulansi inafika, iwo akungovomera, ee, ndine ameneyo, ee, ndi amayi anga omwe.

Chipatala chachikulu, chipinda cha ngozi. Pakhomo nesi anawamata kapepala kofiira. Ndinaimbira Amayi. Anayankha kulira koyamba.

Anafika atavala masilipasi. Manesi akale anaimirira, wina mpaka anawabweretsera magolovesi osafunsa. Amayi anawalandira. Anayenda mpaka pa katani. Dokotala wa tsikulo ndi mtsikana amene Amayi anamuphunzitsa okha kusoka mabala. Anaima kutsogolo kwawo nati: "Mayi, abale amadikira panja."

Ndinaganiza kuti kugwa chinthu. Amayi anayang'ana magolovesi aja, anawabwezera kwa nesi. "Wanena bwino."

Tinakhala pabenchi. Maola atatu. Foni yawo inalira kanayi, sanayankhe. Anandifunsa kuti ndinapeza zingati. Ndinati zinayi. Mphindi zingati pakati pa kupopera koyamba ndi kwachiwiri. Zitatu. Ndinawagoneka cham'mbali atadzuka? Ee. Anagwedeza mutu ngati akuchonga mayeso. Kenako anagwira mkono wanga. Ndinadikira kuti ayang'ane wotchi. Wotchi anali ataiwala kunyumba. Anangogwirabe.

A Kondakitala anakana kukwera galimoto yathu. Ati wodwala ndi dokotala sayendera limodzi, anthu angayese ali pachibwenzi.

Lolemba, 17 Marichi

Lolemba loyamba kukodza mosatumidwa.

Achimwene akadali mu wodi. Masanzi analowa pang'ono m'mapapo, akuwapatsa mankhwala a m'diripi. Kakapu ayambiranso, mlingo wochepa, Adazi anapita okha kukalemba.

Amayi apempha kuti fayilo ya Achimwene isamukire ku kiliniki ina, kutsidya kwa tauni, mabasi awiri. Akuti ankayenera kutero kuyambira tsiku loyamba, koma ankafuna azimva mawu awo pakhonde m'mawa uliwonse, chitseko chili chotseka. Alembanso lipoti la zimene anachita pawindo, alipereka kwa akuluakulu awo. Lachitatu akawaitana. Sakudziwa ngati akhalabe mkulu.

Mabotolo opita nawo kunyumba, osati chaka chino. Wokonza mafoni walemba munthu wina.

Ndinapita ku wodi nditaweruka, nthawi ya alendo. Ndinatenga makadi. Atandiona pakhomo anatembenukira kukhoma, diripi n'kukokeka. Ndinakhala pampando mphindi makumi awiri. Bambo wa bedi loyandikana, wothyoka mwendo, anafunsa ngati ndimatha kusewera. Tinasewera kawiri. Sabera. Sizikoma.

Ponyamuka ndinati ndapita, Achimwene. Anayankha khoma, osati ine: "Ukanangokana. Ukanati sindimwa, basi. Zikanathera pa ife awiri."

Ndaganiza za mawu amenewa njira yonse. Ndi oona. Sindinakanepo chilichonse chimene anandipempha chibadwire, ndipo sindikudziwa ngati ndikanatha. Kunali kosavuta kukhala pamzere ola ndi theka.

Lachitatu, 19 Marichi

Mphepo. Makina a matayala awonongeka, nyumba yonse ili zii.

Amayi akhalabe pa kiliniki, koma ukulu apatsa Adazi kwa miyezi isanu ndi umodzi. Akuti Adazi anakana katatu, kenako anapempha mpando wawo wozungulira.

Obwera kunyumba lero. Ine, 2 koloko, kuchokera kusukulu. Amayi, 4 koloko, atanyamula thumba la pulasitiki la zovala. Pambuyo pawo Achimwene, akupuma pa sitepe iliyonse, kalamba ka chipatala kakadali pamkono. Ndinawatsegulira chitseko. Anadutsa cham'mbali kuti asandikhudze. Analowa kuchipinda kwathu, anatuluka akukoka matiresi awo, anawayala pabalaza kuseri kwa sofa. Anabwereranso kukatenga pilo ndi nsapato. Amayi anaona, anayamba kusenda anyezi.

Chipinda tsopano ndi changa ndekha. Kuseri kwa khoma akutsokomola.